Tsiku lomwe ndinasenzetsa a Meja mipando

Anzanga, mukundidziwa ine mphunzitsi. Ku sukulu ya mishoni anatiphunzitsa kuti chilichonse chili ndi malo ake, ndipo mpaka lero pa tchalitchi pathu pa Karonga Boma palibe amakhala pampando usanamuyenere ine ndili pomwepo. Ndiye pa ukwati wa mwana wanga Tusekile, ndani akanayendetsa dongosolo kupatula ine?

Mkamwini wanga Lusekelo ndi msilikali, kopolo. Anandipempha chinthu chimodzi chokha: "Dada, bwana wanga akubwera. Ndi amene amasankha opita ku maphunziro okwezera udindo. Chonde alandiridwe bwino."

Ndinati zisiye m'manja mwanga. Ndinali nditaona kale kuti kopolo ali ndi mizere iwiri pamkono, ndiye ndinaganiza kuti mizere ikachuluka, udindo wakulanso. Nanga pamenepa pofunsa ndi pati?

Tsiku la ukwati, galimoto ya asilikali itaima, munatsika bambo wa imvi, wamimba yaulemu, mizere itatu pamkono. Ndinati eya, bwana uja ndi ameneyu! Pambuyo pake panatsika kamtsikana kowonda, pamkono popanda mzere ngakhale umodzi, kachizindikiro kamodzi kokha paphewa.

Bamboyo ndinam'gwira dzanja mpaka pa sofa ya kutsogolo. "Khalani, bwana mkubwa."

"Ayi dada, ine ndine sajeni chabe, sindingakhale pamene…"

"Kudzichepetsa n'kwabwino, koma pano dongosolo ndi langa. Khalani!"

Sanakhale. Anangoima njo, thukuta kamukamu, maso kwa mtsikana uja. Ine ndinati akudandaula kuti mwanayu waima manja lende pamaso pa akulu. Ndinam'kodola: "Iwe mwana, usilikali wayamba liti? Mipando ili panja apo, lowetsa."

"Yewo, dada," anatero, nayamba kusenza. Sajeni uja anathamangira kuti amulande, ine n'kumubweza ndi mkono. Bwana asenze mipando pa ukwati wa mwana wanga? Ndili moyo?

Mipando itatha ndinamupatsanso kireti ya zakumwa. Nthawi yomweyo akwati analowa. Lusekelo anasiya dzanja la mkazi wake, nagunda phazi pansi, sawasha! Kwa yani? Kwa wonyamula kireti!

"A Meja!"

Kalanga ine! Holo yonse inatembenukira kwa ine. Kenaka mayi a kunyumba anandinong'oneza mokweza ndithu: "Wawerenga mizere, mphunzitsi?"

Mtsikanayo anatembenukira kwa ine, kireti ikadali m'manja. "Dada, mwandilola nditule?"

Atatula anauza mkamwini wanga, anthu onse akumva: "Kopolo, ngati wapirira apongozi awa mpaka kukwatira, maphunziro a usajeni sakakuvuta. Ukapita."

Choncho mnyamata anapita ku maphunziro, ndipo ena amati ndi ine ndinamuthandiza. Musandinamize. Dongosolo sindinasiye ndipo sindisiya, koma msilikali akafika pa mwambo wanga, ndimayamba ndaima pambali kuona amene akuchitira mnzake sawasha. Ndipo mipando ndimasenza ndekha.