Ndinkangofuna Jekeseni

Anzanga, imvani zomwe ndalota usiku wathawu. Mukudziwa kuti msana wangawu wakhala ukundizunza chiyambireni kunyamula anthu pa kabaza, ndipo Loweruka likubwerali kuli chinkhoswe cha mwana wanga Zione. Bambo wa mkwatibwi sangavine atagwira m'chiuno. Ndiye m'malotomo ndinangoona ndakhala pa benchi ya kuchipatala, nditatsimikiza mtima kuti sindichokapo osabayidwa jekeseni.

Benchiyo inayamba kubuula. "Achimwene, khalani bwino. Nanenso msana unathyoka kalekale, koma palibe wandipima."

Ndinapepesa n'kusendera. Pambali panga panali mayi wina wogulitsa tomato, Nasimango, yemwe ankati mapiritsi samwa chifukwa ndi ang'onoang'ono. "Msana wonsewu, kanthu kamodzi ngati nyemba kangaukwanitse bwanji?" Kutsogolo kwathu kunali a Kachingwe, mphunzitsi wopuma, atavala jekete. Iwo ankafuna opaleshoni basi, poti abwana awo akale anachitidwa opaleshoni kunja ndipo anabwerako atanenepa.

Mwadzidzidzi anaitana dzina langa. Kalaliki wa pawindo anali munthu wabwinobwino, koma nditamupatsa buku langa lakuchipatala anamera ndevu ndi nyanga n'kusanduka mbuzi. Anatafuna bukulo mwaulemu, kenako anati, "Mbiri yanu taisunga. Lowani."

Ndiye ndinalowa. Adokotala anali mayi wa magalasi, ndipo anandimvetsera mpaka ndinamaliza. Anandigwira msana, n'kundiuza kuti ndiwerame, ndiwongoke. Kenako anati, "Bambo Mpinganjira, mafupa anu ali bwino. Muziwongola msanawu m'mawa uliwonse, muziyendako wapansi, ndipo mukonze chishalo cha njinga yanu. Zitenga nthawi, koma mupeza bwino."

"Adokotala, ine ndachokera kutali," ndinatero. "Ndikauze mkazi wanga kuti kuchipatala andipatsa masewera?"

Ndikulankhula choncho iwo anayamba kusintha mtundu, maso n'kutong'oka, mpaka pampando panatsala bilimankhwe wovala magalasi. "Pang'onopang'ono," anatero, atakweza mwendo umodzi osauponda.

Mwadzidzidzi kabati inatseguka, n'kutulukamo jekeseni yaitali ngati munsi, itavala nsapato zagogoda. "Asiyeni awo," inandinong'oneza. "Ine ndimapweteka, ndiye mumadziwa kuti mwalandira chithandizo."

Ndinamasula lamba mosangalala. Koma isanandibaye, lumo linadumphira pawindo. "Uyu ndi wathu," linatero. "Anamuponda ndi mnzake wa pasiteji ya kabaza chifukwa cha nsanje. Ndimutema mphini." Pansi pa chitseko panalowanso botolo la madzi odalitsidwa, likunena kuti m'chiuno mwanga mwakhala chiwanda. Zinayamba kundilimbirana, ndipo chilichonse chikalankhula ine ndinkavomera, chifukwa zonse zinkalonjeza kuti pofika Loweruka ndikhala nditachira. Ndinagona chafufumimba. China chinabaya, china chinatema, china chinawaza.

Ndiye zinandinyamula n'kudutsa nane pakhonde. Nasimango anali akumeza piritsi lalikulu ngati dzungu. A Kachingwe anali atagona patebulo ndi jekete lawo, akupempha kuti awang'ambe paliponse, bola chipsera chizioneka.

Chitseko cha kumapeto chinatseguka, ndipo mwadzidzidzi ndinali m'holo ya chinkhoswe. Anthu anali atadzaza, nyimbo ikulira, Zione ataima kutsogolo atavala chilundu chofanana ndi cha mayi ake. Wotsogolera mwambo anati, "Tsopano abwere bambo a mkwatibwi."

Ndinayesa kuimirira, koma msana unali utauma ngati mpini. Ndinayesanso, anthu onse akundiyang'ana. Zione anabwera n'kugwada pafupi nane.

"Ababa, mwalandira mankhwala anji?"

"Onse, mwana wanga. Palibe ndasiya."

"Nanga zija anakuuzani adokotala?"

"Zimene zija si mankhwala."

Sanandikalipire. Anandipukuta madzi odalitsidwa pachipumi ndi nsonga ya chitenje chake, kenako anadzuka, n'kukagwira dzanja la amalume ake. Anavina nawo nyimbo yonse, ine ndili pampando, ndikuwomba m'manja ngati mlendo. Ndinkafuna kumuitana, koma pakamwa panga pankangotuluka kulira kwa belu. Ndikatsegula pakamwa, ngiri, ngiri.

Ndinatsegula maso kunja kutayera. Linali belu la njinga yanga. Mayi wina anali ataima panja ndi matumba ake a makala, akuliliza kuti ndidzuke ndimuperekeze kumsika.