Ndadandaula Kuti Nyumba Yanga Aitchipitsa

Lolemba, 9 Okutobala

Kalata yafika kumudzi! Achemwali, amene amakhala m'nyumba yanga, aijambula n'kunditumizira pa WhatsApp. Ndi ya ku khonsolo, ya msonkho wa nyumba, ndipo pamwamba pali dzina langa lonse. Zaka zinayi ndikukolopa nyumba ya eni kuno kunja kwa dziko, ku Al Hilal, lero boma likundidziwa kuti ndine mwini nyumba. Ndaiwerenga kasanu mpaka mpunga wa madamu kupserera.

Pulani:
- kulipira msonkhowu sabata yomwe ino, anthu aone
- ndalama yotsala ndi ya tikiti ya Disembala, ndikaione nyumbayo ndi maso anga
- osaikhudza ya tikitiyo, olo kugwe chiyani!

Lachiwiri, 10 Okutobala

Achemwali akuti nyumba ya a Nagama, oyandikana nafe, a khonsolo aiika mtengo woposa yanga. Ati chani?! Chinyumba chopanda siling'i chija? Yanga ya matailosi mpaka kubafa! Mtima ukuwawa, ndasita malaya amodzi kawiri. Pansi pa kalata alemba kuti wosakhutira ndi mtengowo akadandaule. Ine sindinakhutire.

Lachitatu, 11 Okutobala

Ndatuma achemwali ku khonsolo ndi zithunzi:
- matailosi
- giza ya madzi otentha
- mpanda wa njerwa
- boyizikota ya kuseri, yomwe mwina sakuidziwa n'komwe

Akuti bambo wa pa desiki anavula magalasi. "Mayi, mukuti tikweze? Chiyambire ntchito ino sindinaonepo." Eya, sanaonepo. Sanakumanepo ndi ine.

Lachinayi, 12 Okutobala

A khonsolo abwera lero lomwe, anthu atatu ndi tepi yoyezera. Nkhani ya madzi oyenda pa msewu wathu yatha chaka osabwera, koma izi athamanga. Ulemu umenewo! Ndauza achemwali awagulire Fanta, awatsegulirenso madzi otentha agwire okha. Akuti a Nagama amangosuzumira pa mpanda akuseka. Nsanje.

Lachisanu, 13 Okutobala

Ofu. Ndili ku Al Asmakh kwa Misozi, mnzanga wa ku Chipata wogwira ntchito ku hotela. Ndikumufotokozera monyada, iye wasiya kutafuna shawarma.

"Iwe, mtengo wa nyumba ukakwera, msonkho nawo ukwera. Anthu amakadandaula kuti atsitse!"

Ndaseka. Kenako ndasiya kuseka. Nanga kalatayo inanena zimenezo? Ndayang'ananso. Inanena, tsamba lachiwiri. Achemwali ananditumizira Lolemba lomwelo, ine ndinathera pa tsamba la dzina langa.

Loweruka, 14 Okutobala

Ndaimbira achemwali kuti athamange akabweze dandaulo. Ati ku khonsolo satsegula Loweruka, komanso pepala latsopano analandira dzulo, amaopa kundiuza. Msonkho wakwera pafupifupi katatu. Kuphatikiza apo, boyizikota aiwerengera kuyambira chaka chomwe ndinaimanga. Chakacho adziwa bwanji? Ndine ndemwe ndinauza achemwali alembe kuseri kwa chithunzi, ndi mwezi womwe.

A Nagama akuti iwo tsiku loyeza nyumba yawo anamasula chitseko cha bafa n'kuchibisa kwa apongozi awo. Anthu ena alibe manyazi.

Madamu andipeza ndaima m'khitchini ndi kakyuleta. "Yalla, fulumira, tiyi!" Ndathira mchere.

Lamulungu, 15 Okutobala

Kwathu anthu ali ku tchalitchi, kuno ndi tsiku la ntchito. Madamu popita ku ofesi anditsitsa potumizira ndalama. Ndatumiza yonse, ya tikiti yomwe. Ngongole ya boma pa dzina langa ayi, ndakana.

Ndawauza madamu kuti Disembala sindipita. Asangalala mpaka kundipatsa zipatso za tende.

Khalasi, zatha. Pa msewu wathu wonse palibe nyumba yodula kuposa yanga, ndipo zalembedwa ndi chidindo. Ndalira pang'ono m'bafa, ndatsuka kumaso.

Achemwali afunsa ngati angasamukire kuchipinda chachikulu, poti sindibwera. Ndawauza asamuke, koma azivula nsapato pa matailosi anga.