Mmene a Chikwanje Anadzigawira Pawiri

Mukafunsa aliyense m'wodi mwathu za malemu a Chikwanje, ayamba waseka kaye, chifukwa nkhalamba imene ija inadzigawa yokha ngati ng'ombe. Moyo wawo wonse anagwira ntchito m'butchala. Atathyoka fupa la m'chiuno poterereka kubafa, anapeza kuti kuno wokalamba amaonedwa ndi madokotala awiri pamodzi: bambo wa mafupa ndi mayi wa matenda a ukalamba. Ine namwino ndimatsatira pambuyo ndi mankhwala.

"Pasakhale kulimbirana nyama pano," anatero tsiku loyamba, akudzilemba mzere pamchombo ndi chala. "Achimwene, tengani miyendo ndi ziboda. Amayi, zanu ndi mtima ndi chiwindi. Mutuwu ndakuikirani basera."

Lamulo limenelo sankaseka nalo. Wa mafupa akangoti, "Mwagona bwanji, bambo?" ankamudula pakamwa: "Tulo si mbali yanu. Funsani bondo." Mayi uja atawachotsera mapiritsi omwe ankawachititsa chizungulire, anakamuneneza kwa mnzakeyo kuti kumtunda kukusowa katundu. Ine ankanditcha wonyamula zikumba.

Koma kuseri kwa phokosolo kunali mantha. Mwana wawo wamkazi anali atanenetsa kuti akapanda kuyenda, nyumba yawo itsekedwa, akakhale kwa iye. "Ndikaume pasofa ngati nyama ya m'firiji?" ankandinong'oneza. Chilonda chinapola, koma akati aimirire, thukuta kamukamu, n'kukhalanso pabedi.

M'mawa wina wa mafupa anati, "Fupa lagwira, bambo."

"Mtima nawo uli bwinobwino," anatero mayi uja.

A Chikwanje anawayang'ana onse awiri, nthabwala zitawathera. "Nanga manthawa ndi a ndani? Ndimawamva m'mutu, koma amanjenjemeretsa mawondo."

Madokotala anayang'anana. "Amenewo ndi a tonse," anayankha mayiyo. Wina anagwira mkono uwu, wina uwo, ndipo mkulu uja anakwekwereza mapazi mpaka pakhomo la wodi, akukalipa njira yonse kuti anyamulidwa ngati mbuzi yopita kokaphedwa. Atafika anafumbatira chitseko n'kulira. Nanenso ndinapukuta maso ndi thonje la boma la anthu ena.

Anatuluka ndi ndodo, napita kunyumba kwawo, osati kwa mwana. Patapita nthawi mwanayo anabwera kudzatiuza za maliro. Akuti tsiku limene anamwalira, bambo akewo anapita wapansi kumsika kukadzudzula amene anatenga butchala kuti sadziwa kudula nthiti. Atabwerera anakhala pampando wawo, fumbi lili kumapazi, osadzukanso.

Ndimawasowa kwambiri bambo amene aja. Pabedi la pawindo pagona okalamba ambiri chichokereni iwo, anthu aulemu oyankha kuti "ndiliko bwino" ngakhale akumva ululu. Masiku ano kuyendera odwala kumatha msanga, ndipo palibe wa ife amene amakondwa nazo.