Masokosi anga ndi seva ya ku ofesi

Mpaka lero mvula ikangoyamba, anzanga ku ofesi amandiyang'ana kumapazi. Ndinaziputa ndekha.

Ndimayang'anira makompyuta pa kabungwe kena kuno ku Mzuzu. Tili ndi wiki, masamba amene aliyense amalembapo malipoti a ntchito, ndipo imakhala pa seva, kompyuta yaikulu ya m'kachipinda kamene kiyi wake ndinkasunga ine ndekha. Mwezi wina wikiyo inagwidwa ulesi. Potsegula tsamba limodzi, munthu unkatha kumwa tiyi n'kutsuka kapu. Bwana anandiitana.

"Likafika Lachisanu zisanatheke, tiitana munthu wa ku Lilongwe."

Ndinachita mantha. Wa ku Lilongwe akabwera, ine nditsala wa ntchito yanji?

Nditayang'ana purosesa, ubongo wa sevayo, ndinapeza ikuwefuka, ntchito zitaunjikana pamzere. Paja chala sichiloza mwini, ndiye ndinayamba ndi anzanga. Ndinawaletsa kuika zithunzi zikuluzikulu. Osasintha. Ndinachotsa timapulogalamu towonjezera (tina tofunika, ndipo anthu anandida nazo). Osasinthabe. Kenako ndinalengeza kuti atilowerera akuba a pa intaneti, aliyense asinthe pasiwedi.

Lachinayi, NyaMhango, mayi wolandira alendo, anandiimitsa pakhomo.

"Adada, ine ndaona chinthu ichi chikuchedwa kukagwa mvula basi. Kukawala dzuwa chikuyenda makora chomene."

Ndinaseka. Ndinawafotokozera pang'onopang'ono, anthu akumva, kuti purosesa sidziwa za nyengo.

Lachisanu kunacha ndi mvula ija ya Mzuzu yosadziwa kukata. Bwana anati akufuna kuiona sevayo ndi maso awo, NyaMhango n'kutsatira pambuyo. Nditatsegula chitseko, tinalandiridwa ndi kutentha (ndi kafungo). Pamwamba pa seva panali jekete langa, ndipo pa timabowo totulutsira mpweya panali masokosi awiri oyanikidwa mwaluso. Ndimachokera ku Geisha pa njinga yamoto, ndimafika nditanyowa, ndipo malo ofunda mu ofesi monse ndi pomwepo. Purosesa ikatentha imachepetsa yokha liwiro kuti isapse. Zimenezi ndinaphunzira kusukulu, mayeso ake n'kukhoza.

Ndinaanula zovala zanga mwamanyazi. Pasanathe mphindi khumi wiki inayamba kuthamanga.

"Akuba aja ndi amenewa?" anafunsa bwana, akuloza masokosi.

NyaMhango anangoti, "Yewo, adada, mwawagwira."

Wa ku Lilongwe sanabwere, ntchito ndikadali nayo. Koma kiyi wa kachipinda kaja tsopano amasunga NyaMhango, ndipo mvula ikagwa ndimaswera ndi mapazi onyowa, wiki ikuthamanga.