Sitima Zanga Zitatu za Malata

Lolemba
Ahedi akuti Lachisanu kukubwera woyendera sukulu. Akakondwa nane, ndikwera giredi. Giredi ndiyo nyumba ya boma, nyumba ndiyo mkazi wanga kubwera kuchoka ku Zomba. Panopa ndikugona kuseri kwa sitolo ku Old Town, pakati pa matumba a mchere.
Phunziro: magulu a sitima zankhondo potengera kumene zimafika. Zolondera gombe lakwawo basi. Zofika kwa oyandikana nawo. Zowoloka nyanja yamchere. Ana angawa ngakhale bwato sanalionepo!

Lachiwiri
Mabuku onse akadali ku Zomba, akudikira lole ya boma. Nzeru yandibwerera: sitima zitatu za malata. Yaing'ono m'beseni, yapakati m'ngalande, yaikulu mumtsinje wa Lingadzi. Che Saidi, okhoma zidebe kumsika, akuti, "Musadandaule aphunzitsi, chitini ndi chitini."

Lachitatu
Zatheka. Zonse zili ndi chogwirira ngati ketulo! Che Saidi akuti, "Nanga muzinyamula bwanji?" Ndikuyesa yaikulu ija, yowoloka nyanja, mumgolo. Ikumira pomwepo. Kalanga ine.

Lachinayi
Thirakitala yokumba ku City Centre yaswa paipi. Mpopi wouma, ngalande youma. Yapakati yasowa. Ndikuipeza pamoto, alonda a sukulu akuwiritsiramo tiyi. Akuti ndi yabwino, siidontha.

Lachisanu
Chimvula! Bwana oyendera sukulu aja afika ndi ambulera. Yatsala yaing'ono yokha, m'beseni pomwe pakugwera madzi a padenga. Ndikufotokoza mokweza kuti gulu ili silichoka pakhomo. Beseni likusefukira. Kasitima kakudumphira m'ngalande, ana onse pambuyo pake, kukuwa. Uko! Kalowa mu Lingadzi.
Bwana akufunsa mofatsa, "Yosachoka pakhomo ija ndi imeneyo?"
Manyazi andigwira.

Loweruka
Giredi yapita kwa mnzanga wophunzitsa masamu. Iyeyo anangogwiritsa ntchito timiyala. Nyumba amupatsa yamipanda yamaluwa, chonsecho alibe ndi mkazi yemwe. Mtima ukundiwawa, sindibisa. Che Saidi akufunsa ngati ndikufuna sitima ina.

Lamulungu
Mkazi wanga watumiza mawu kudzera kwa kondakitala wa basi: ayale katundu kapena amange? Ndayankha kuti ayale. Kasitima kaja mwina pano kali ku Salima. Ine malire anga ndi sitolo, msika, sukulu. Gulu loyamba ndithu. Kachitini kafika kutali kuposa mwini wake.