Mapaini Oletsedwa Kumwa Madzi

Mande
Kabwata, Okutobala, dzuwa ngati tili nalo mlandu. Alamu Tembo, a ku ofesi ya nkhalango, apita ku Kitwe. Andisiyila tumitengo ta paini kuseli kwa nyumba, mizele iwili. Akuti mitengo ina imapatsila ana ake mphamvu yopilila chilala, monga ife tinatengela mphuno ya adadi, ndiye akufuna kudziwa kuti mbewu yolimba ndi ya mtengo uti. Mzele wa kumpanda ndizithilila. Mzele wa kukhoma usaone dontho. Ndikasunga bwino andilankhulila ntchito ku nazale. Fomu faifi yonse ija, ntchito kumana mtengo madzi. Chabwino.

Chiwili
Dothi la kukhoma lanyowa, likununkha sopo. Asisi: "Ndangotaya madzi a mbale, iwe." Bwalo lonseli!

Chitatu
Amake Loveness a nyumba yachiwili, omwe aja anafalitsa kuti masamu ndinalephela, akusuzumila pampanda: "Mtsikana wouma mtima chonchi adzakwatiwa?" Ndikuwafotokozela za makolo a mitengo, mwaulemu umene sakuuyenela. Akugwedeza mutu. Madzulo ndikuwapeza kukhoma ndi ketulo.

Chinayi
Pompi yauma. Ndikupita kukatunga kumsika. Pobwela, othilila a kukhoma lelo:
amake Loveness, ketulo yomweyo;
asisi, akuti Mkhristu saonelela chinthu chikufa;
atcheyamani a seksheni, akuti kufotetsa mitengo n'kutsutsa Chipani;
galu wa atcheyamani, mwa njila yake.
Wa kumpanda palibe wouthilila. Akuti umenewo uli ndi mwini.

Chisanu
Ndikapita kumadzi, a kukhoma amwetsedwa. Ndikakhala, a kumpanda afa. Ndakhala. Tsiku lonse pampando ngati mlonda wa banki, mutu ukuwawa. A kumpanda aŵelama.

Chiwelu
Sindingathe kuwayang'ana. Kumsika nako madzi atha, ndiye ulendo wa ku Chilenje kwa azakhali ndi chigubu. Basi yodzaza, theka la madzi lathela pa nsapato za bambo wina, wandinena mpaka potsikila. Kunyumba a kukhoma alandila manyowa a nkhuku. Manyowa!

Sondo
Alamu abwela. Akuona a kukhoma ali biliwili, akuvula chipewa, akuti sanaonepo mbewu yopilila chilala chonchi, mpaka ku Kitwe amva. Ndikutsegula pakamwa, koma amake Loveness andiyambila: "Tithokozeni ife, ba Tembo. Uyu akanapha yonse." Alamu avalanso chipewa. Akuyang'ana a kumpanda, akuyang'ana ine.

Amake Loveness akufunsa ngati ku nazale sangafune Loveness, poti kwawo kuthilila n'kwakumtundu. Alamu akuti aganizilapo.

Madzi a ku Chilenje atsala kapu imodzi. Ndikumwa ndine.