Foni imodzi, mudzi wonse

Pali zinthu zina munthu ukazikumbukira umangodzigwira pakamwa wekha. Zanga zinachitika chifukwa chodziona wanzeru.

Ndimagwira ntchito pa ofesi ya bungwe la alimi a ng'ombe zamkaka kufupi ndi Mikolongwe. Alimi amatumiza mauthenga pa foni, makina athu n'kumawagawa okha: za matenda kwa alangizi a ziweto, za mkaka kwa ine. Amene anatiikira makinawo anandiphunzitsa kusintha malamulo ake osawazimitsa. (Apa ndiye anapatsa mwana mpeni.)

Tsiku lina ndinaona nambala imodzi ya ku Likoswe ikutumiza mauthenga khumi pa tsiku. Ndinapsa mtima, ndinati uyu ndi wosowa chochita. Ndinaika lamulo loti nambala ikapitirira mauthenga atatu pa tsiku, enawo aziikidwa pambali, makina azingoyankha kuti, "Talandira, zikomo." Ndinadzitama mpaka kukadzigulira mandasi.

Lachitatu masana kabaza anaima pakhomo. Anatsika mayi Nasimango, mlimi wathu wa ku Likoswe, thukuta lili kamukamu.

"Achimwene, mukuthokoza chani kodi? Ng'ombe ya a Makwinja mwana wakakamira chim'mawa, ndi yokhayo ali nayo, inu mungoti zikomo, zikomo!"

"Nambala yanu imachulutsa mauthenga, mayi."

"Nanga foniyi ndi yanga ndekha? Mudzi wonse umalembera pomwepa!"

Ine wobadwira kwa Mpama, amene mayi anga ndimawaimbira pa foni ya aneba, ndinaiwala zimenezi nditangokhalira mpando wozungulira. Ndinachotsa lamulolo msangamsanga, mauthenga onse n'kukhuthukira kwa alangizi nthawi imodzi. Iwo anathamanga pa njinga yamoto, ndipo ng'ombe ndi mwana wake zinapulumuka.

Pa msonkhano wa komiti ndinakhala kumbuyo, ndikudziwa kuti ntchito yandithera. Mayi Nasimango anaimirira nati, "Makina anasokonezeka, koma achimwenewa anawakonza msanga." Anthu anaomba m'manja. (Ndinalakalaka nthaka itang'ambika.) Mayi amenewa ndimawathokoza mpaka lero, chifukwa akanafuna akanandiyalutsa pagulu.

Potuluka anandinong'oneza, "Ndakuvekani kamodzi kokha. Mukafunanso kulamula, muyambe mwafika kumudzi."

M'mawa mwake a Makwinja anabwera wapansi, atanyamula chigubu cha mkaka, kudzandithokoza populumutsa ng'ombe yawo. Ndinalandira ndi manja awiri. Ndinamwa ndithu, koma sunatsike bwino.